Mbande zanga zamera zachikasu mu galaja, kodi kubiriwira kwa tsamba kumapangidwa ndi chani?

Bambo_a_Tadala, Randburg

Moni nonse abale anga a pa Joni pano. Ndili ndi funso landivutitsa mutu ndithu. Ndimagwira ntchito ya m'gadeni kuno ku Randburg ndipo abwana anandipatsa kakona kuseri kwa nyumba kuti ndizidzalako zathu zija, mpiru, repu, nkhwani ndi tomato pang'ono. Ndiye poti Julaye wa kuno mukumudziwa, m'mawa kapinga amachita kuyera ndi chisanu, ndinafesa m'mathireyi nkuika mu galaja kuti zisapse, koma galaja yake ilibe windo ndipo chitseko chimakhala chotseka tsiku lonse. Zamera zonse bwinobwino koma abale zangotalika, zowonda, kathunthu koyera mbee, timasamba tating'ono tachikasu titaweramitsa mutu pansi. Madamu ataona akuti ndi njala imeneyo ndithire feteleza. Ine sindinathire, ndinangotulutsa thireyi imodzi ya nkhwani nkuika pakhonde pomwe pamafika dzuwa la m'mawa, pofika mawa lake madzulo timasamba tija tinali titayamba kubiriwira, dothi lomwelo madzi omwewo osathira chilichonse.

Mwana wanga ali Grade 11 amatenga Life Sciences, akuti chobiriwiracho ndi chlorophyll ndipo amakhala mu chloroplast, koma nditamufunsa kuti nanga mbewu imamupanga ndi chani chlorophyll ameneyo, buku lake likungokamba za ntchito yake basi ya photosynthesis. Ine pomwe pandiima mutu ndi apa, dzuwa silibwera ndi chinthu choti munthu nkugwira, ndiye zipangizo zake zinali kuti nthawi yonse ija mu mdima? Zimachoka m'dothi, mu njere kapena mu mpweya? Ndipo ngati zinalipo kale bwanji mbewuyo sinangopanga yokha mpaka kudikira ndiitulutse? Ndimazionanso pa kapinga ndikasiya wilibala kapena pulasitiki malo amodzi, pansi pake pamasanduka chikasu kenako nkubwereranso. Amene munapita patali ndi sukulu tathandizani, ndipo mundiuzenso ngati mathireyi otsalawo ndithire feteleza kapena ayi.

Mayi_Nachisale, Rosettenville

Bambo a Tadala, ine za sukulu sindilowako koma masamba ndimagulitsa tsiku ndi tsiku ndipo ena ndimalima ndekha m'matayala ndi m'mabigiri kuseri kuno. Madamu anuwo sanalakwitse kwenikweni chifukwa chikasu nthawi zambiri ndi njala, repu wanga akayamba kufuwirira ndimathira LAN pang'ono, amene kwathu timati CAN uja, kapena manyowa a nkhuku ndipo pakatha wiki amabwerera bwinobwino. Koma zanuzo ndikuona ngati ndi zina chifukwa mbande yongomera kumene sinayambe nkomwe kudya za m'dothi. Taonani kabichi amene timapikula ku City Deep, masamba akunja obiriwira koma ukamudula pakati ndi woyera, chonsecho ndi mutu umodzi muzu umodzi feteleza yemweyo. Mbatatesinso ukaisiya poyera pa tebulo imayamba kubiriwira khungu pomwe inakumbidwa kalekale ilibenso muzu. Ndiye kuwala kuli ndi mbali yake basi. Inenso ndikufuna ndimve amene akudziwa.

Madala_a_ku_Kasungu, Turffontein

Achimwene musathire feteleza, muzitentha. Ndalima fodya wa bale kwathu ndisanabwere kuno ndipo za nazale ndimazidziwa. Tikafesa timaphimba bedi ndi udzu kuti chinyezi chisathawe, koma fodya akangomera umayamba kupatulira udzu uja pang'onopang'ono, ukachedwa mbande zimatuluka zazitali miyendo, zoyezuka, zofooka, ndipo ukachotsa udzu onse tsiku limodzi dzuwa la Okutobala lija limazipsereza zonse. Ndiye zanuzo muzitulutse mwa ulemu, kaye pa mthunzi wowala, kenako dzuwa la m'mawa lokha, kenako tsiku lonse. Dzuwa la kuno ngakhale nyengo yozizira ndi lakuthwa, tili pamwamba kwambiri, pafupifupi mamita 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Usiku muzilowetsa kapena muziphimba ndi nsalu ija ya chisanu imagulitsidwa m'ma nazale.

China ndikuuzeni mosabisa, kubiriwira zibiriwira koma thunthu lomwe latalika kale silifupikanso. Tomato mutha kumuokera mozama mpaka m'khosi amatulutsa mizu pa thunthu, koma mpiru ndi repu zikawonda choncho bola kufesanso, ndipo zimenezi sizifuna galaja nkomwe zimapirira kuzizira. Nkhwani ndi tomato ndi zomwe zimaopa chisanu, dikirani Seputembala. Za mkati mwa tsamba ndisiyira anyamata a sukulu.

Mphwanu_wa_Labu, Braamfontein

Ankolo funso lanu ndi lenileni ndipo linawatengera akatswiri zaka zambiri kuti aliyankhe. Ndikuphunzira biochemistry, ndiyesetsa kufotokoza mwa Chichewa koma maina ena ndingowasiya momwe alili kuti Tadala akawafufuze.

Tiyambe ndi chlorophyll mwini wake. Ndi kamkombero kopangidwa ndi timikombero tinayi ting'onoting'ono, kalikonse kali ndi atomu imodzi ya nayitrojeni yoloza pakati, ndipo pakatikati penipeni pamakhala atomu imodzi ya magnesium. Kumbali kuli mchira wautali wamafuta wotchedwa phytol womwe umamumangirira m'zikopa za mkati mwa chloroplast. Zoti muli magnesium anatulukira ndi Richard Willstätter wa ku Germany yemwe analandira Nobel mu 1915. Mkombero onsewo umamangidwa ndi kanthu kamodzi kakang'ono kobwerezedwa ka 8, dzina lake 5-aminolevulinic acid, mwachidule ALA, kali ndi makaboni 5 ndi nayitrojeni imodzi basi. Ndiye funso lanu lenileni ndi lakuti ALA amachoka kuti.

Kwa ife anthu ndi nyama yankho linapezeka kale, chifukwa nafenso timapanga ALA popanga heme, chofiira chija cha m'magazi. Mu 1945 David Shemin wa ku Columbia University ku New York anadya yekha magalamu 66 a glycine wokhala ndi nayitrojeni yolemera yoti nkuilondola, nkumadziyeza magazi, ndipo anaipeza mu heme. Kenako zinadziwika kuti thupi lathu limalumikiza glycine ndi succinyl-CoA mu mitochondria, enzyme imodzi sitepe imodzi, ALA wapangika. Aliyense anangoganiza kuti zomeranso zimatero ndipo anthu anakhala akuisaka enzyme imeneyo m'masamba osaipeza. Mu 1974 Samuel Beale ndi Paul Castelfranco ku University of California, Davis anatenga mbande zomera mu mdima, ndendende zanuzo ankolo, za nkhaka, nyemba ndi balere, nkuziika pa kuwala, nkuzimwetsa levulinic acid yemwe amatseka sitepe yotsatira kuti ALA aunjikane aoneke, kenako nkumazipatsa zakudya zosiyanasiyana zokhala ndi kaboni 14. Glycine ndi succinate sizinalowe bwino mu ALA. Zomwe zinalowa kwambiri ndi za makaboni 5, glutamate ndi abale ake. Chaka chotsatira Beale, Simon Gough ndi Sam Granick anaonetsa kuti makaboni onse 5 a glutamate amalowa athunthu osaduka. Ndipo ku labu ya Castelfranco komweko anafika pochotsa ma chloroplast ongoyamba kukhwima m'timasamba ta nkhaka, nkuwapatsa glutamate ali mu chubu, iwo nkupanga mkombero uja okha, kusonyeza kuti ntchito yonse imachitikira mkati mwa chloroplast momwemo.

Glutamate ndi amino acid wamba, umodzi mwa 20 omwe amapanga mapuloteni. Mu njere ya dzungu lanulo muli puloteni yambiri yomwe mayi wake anasungiramo, ikamamera imaiphwanya ndipo glutamate amapezeka wokwanira, nchifukwa chake simunafunike feteleza. Mbewu ikakula ndi pomwe imayamba kupanga glutamate watsopano, nayitrojeni kuchoka m'dothi, kaboni kuchoka mu mpweya. Ndiye mayankho anu atatu aja onse ndi oona koma pa nthawi zosiyana.

Gawo lomwe ine limandisangalatsa kwambiri ndi momwe glutamate amasandukira ALA, masitepe ndi atatu. Poyamba enzyme yotchedwa glutamyl-tRNA synthetase imamangirira glutamate pa tRNA pogwiritsa ntchito ATP. Tadala akuidziwa tRNA kapena aipeza ku Grade 12, ntchito yake yodziwika ndi kunyamula ma amino acid kupita nawo ku ribosome popanga puloteni, ndipo palibe amene ankaganiza kuti ingapezeke pa nkhani ya mtundu wa tsamba. Ku Carlsberg Laboratory ku Copenhagen, Gamini Kannangara ndi anzake akugwira ntchito pa balere anaona kuti ukathira enzyme yophwanya RNA m'madzi a chloroplast, ALA amasiya kupangika, ndipo mu 1986 mogwirizana ndi gulu la Dieter Söll wa ku Yale anatsimikiza kuti ndi tRNA ya glutamate, yomweyo imene chloroplast imagwiritsa ntchito popanga mapuloteni ake, ndipo malangizo ake ali mu DNA ya chloroplast mwini. Sitepe yachiwiri glutamyl-tRNA reductase, timangoti GluTR, imatenga glutamate ali pa tRNA paja nkumusandutsa glutamate-1-semialdehyde pogwiritsa ntchito NADPH, tRNA nkumasuka kukatenga wina. Yachitatu ndi aminotransferase yomwe imadalira vitamini B6, imangosuntha nayitrojeni kuchoka pa kaboni yachiwiri kupita pa yoyamba, basi ALA uja wapezeka.

Kuchoka apo njira ndi yofanana ndi ya m'thupi mwathu. Ma ALA awiri amapanga kamkombero kamodzi, porphobilinogen, timeneti tinayi timalumikizana nkutsekeka, nayitrojeni 4 mwa 8 zija zimatayika ngati ammonia, 4 zotsala ndi zija zoloza pakati. Pakadutsa masitepe angapo okonzakonza m'mbali timafika pa protoporphyrin IX. Apa ndi pamphambano, enzyme ina ikaikamo ayironi wasanduka heme, chifukwa zomeranso zimafuna heme popuma, koma magnesium chelatase ikaikamo magnesium ndiye walowera kwa chlorophyll, mpaka kufika pa protochlorophyllide. Zonse ndanenazi zimatheka mu mdima wa mu galaja mwanu. Sitepe yotsatira yokha ndi imene siitheka.

Bambo_a_Tadala, Randburg

Zikomo kwambiri madala, mathireyi ndayamba kutulutsa momwe mwanenera ndipo mpiru ndifesanso panja. Achimwene a ku Braamfontein mwandigwira mtima, tawerenga limodzi ndi Tadala iye akulemba mainawo mu kope. Koma mwatisiya m'malere, sitepe yosathekayo ndi iti? Ndipo ngati zonse zija zimatheka mu mdima bwanji mbewu sipangiratu wambiri protochloro uja kuti ikangoona dzuwa ibiriwire nthawi yomweyo m'malo modikira tsiku lonse? Chinanso Tadala akuti glutamate ndi yemwe uja ali mu Aromat, walembedwa pa botolo kuti monosodium glutamate, ndiye akufunsa ngati titasungunula nkupopera mbande zingabiriwire msanga.

Mphwanu_wa_Labu, Braamfontein

Tadala waona bwino, ndi glutamate yemweyo ndithu, koma musapopere ankolo, muli mchere wambiri muwononga mizu, komanso mbande sikuti ikusowa glutamate, ili naye wambiri. Ikuchita kudziletsa dala.

Sitepe ija ndi ya enzyme yotchedwa POR, imene imasandutsa protochlorophyllide kukhala chlorophyllide poonjezera ma haidrojeni awiri pa kamkombero kamodzi. Enzyme imeneyi ndi imodzi mwa zochepa kwambiri padziko zomwe sizigwira ntchito popanda kuwala, protochlorophyllide mwini wake ndi amene amayamwa kuwalako ndipo mphamvu yake ndi yomwe imayendetsa zonse. Mu mdima chloroplast simakhwima, imaima pa msinkhu wotchedwa etioplast, mkati mwake muli timachubu tolukana bwino todzadza ndi POR itagwira kale protochlorophyllide ndi NADPH. Zili ngati mayi amene wayala nkhuni pa mafuwa, poto wa madzi watereka, ufa uli pambali, akungodikira machesi. Kuwala kukangofika, zomwe zinali zokonzeka zija zimatembenuka m'kanthawi kosakwana sekondi, kenako chlorophyll synthase imalumikiza mchira wa phytol uja. Koma zokonzekazo ndi zochepa zedi, diso silingaone. Kubiriwira komwe munaona mawa lake ndi chifukwa choti kuwala kunatsegulanso kupanga ALA kumayambiriro kuja, ndipo kunadzutsa ma gene a mu nucleus opanga mapuloteni omwe amagwirizira chlorophyll, zimenezo ndi zomwe zimatenga maola. Chikasu munkaonacho ndi carotenoid, iyeyo amapangidwa ngakhale mu mdima ndipo amakhalapo nthawi zonse kungoti wobiriwira amamuphimba.

Nanga bwanji osaunjika wambiri? Chifukwa ndi poizoni. Mikombero imeneyi ikakhala yoyandama yokha, yosagwiridwa ndi puloteni, imayamwabe kuwala koma ilibe koitula mphamvuyo, ndiye imaipatsira oxygen ndipo oxygen ameneyo, timati singlet oxygen, amawotcha mafuta a zikopa za selo. Choncho mbewu imapanga wongokwana m'manja mwa POR basi. Akangokwana, puloteni yotchedwa FLU imakagwira GluTR uja, sitepe yachiwiri ija, nkumuimitsa, ALA osapangikanso. Heme naye akachuluka amakamuimitsanso GluTR yemweyo. Umboni wake ndi woonekeratu. Granick anaonetsa kalekale kuti ukamwetsa ALA masamba a mu mdima, kulambalala poletsera paja, amadzadza protochlorophyllide, ndipo masamba otere ukawaika pa kuwala kwamphamvu amapserera. Mu 2001 gulu la Klaus Apel ku ETH Zurich linafotokoza za kambewu ka Arabidopsis kopanda FLU, mu mdima kamaunjika protochlorophyllide mpaka ukakaunika ndi nyali ya buluu kamawala mofiira, ukakatulutsa poyera kamafota, chonsecho ukakasunga pa kuwala usana ndi usiku kamakula bwinobwino chifukwa POR imangochotsa zonse zikamapangika. Ine ndimaona kuti apa ndi pomwe pali nzeru yeniyeni ya nkhaniyi, mbande yomwe ili pansi pa dothi sidziwa kuti itulukira liti, ndiye mphamvu yonse imaika pa kutalika kusaka kuwala, timasamba nkutipinda kuti tisakhulike, zoopsazo nkusunga zochepa.

Madala a ku Kasungu zopatulira udzu pang'onopang'ono zija zikugwirizana ndi zimenezi, tsamba lomwe langoyamba kubiriwira silinamalize kumanga zodzitetezera. Ndipo si zomera zonse zili choncho. Paini uja wa ku Chikangawa kapena pa phiri la Zomba, njere yake ikamera mu mdima mmera umatuluka wobiriwira ndithu, chifukwa ali ndi enzyme ina yachiwiri yosadikira kuwala, yomwe ndere ndi cyanobacteria zilinso nayo. Zomera zamaluwa monga chimanga, nyemba ndi dzungu zinaitaya.

Sister_Nambewe, Kempton Park

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete koma mwafika pa heme ndiye ndilankhuleko, ndine nesi. Achimwene a Labu zomwe mukunena zoti mikombero ikaunjikana imawotcha, ife timaziona pa anthu ndipo dziko lino la South Africa ndi lodziwika nazo padziko lonse. Kuli matenda otchedwa variegate porphyria, munthu amabadwa enzyme imodzi ya njira yomweyi ikugwira ntchito mwatheka, protoporphyrinogen oxidase, ija imamalizitsa protoporphyrin IX musanafike pamphambano panu paja. Zotsalira zimaunjikana, zikafika pa khungu lomwe limaombedwa ndi dzuwa makamaka kuseri kwa manja limakhala losachedwa kusupuka ndi kutuluka matuza. Choopsa kwambiri ndi pamene munthu wotere wapatsidwa mankhwala ena monga ma barbiturate kapena a sulfa, chiwindi chimayamba kupanga ALA wambirimbiri, munthu amamva m'mimba kupweteka koopsa, kusanza, mkodzo umada mofiirira, mwinanso manja ndi miyendo kufooka mpaka kulephera kupuma. Dokotala wina dzina lake Geoffrey Dean yemwe ankagwira ntchito ku Port Elizabeth analondola mabanja a odwala mpaka anafika pa banja limodzi la atsamunda achi Dutch lomwe linakwatirana ku Cape mu 1688, ndipo mu 1996 akatswiri a ku University of Cape Town anapeza pomwe gene yake inalakwika. Nchifukwa chake m'zipatala za kuno musadabwe akakufunsani za porphyria asanakugonetseni ku theatre. Ndipo mankhwala ake pa nthawi yovutayo ndi heme yemweyo kudzera mu dripi, amakauza chiwindi kuti chisiye kupanga ALA, chimodzimodzi momwe mwanenera kuti heme amaimitsa GluTR mu tsamba. Mtovu nawo, uja wa mu penti wakale ndi mabatire, umatseka enzyme yolumikiza ma ALA awiri ija, ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe mwana wodya mtovu amachepa magazi.

Koma chomwe ndalembera kwenikweni ndi ichi abale anga. Pali anthu akuyenda m'matchalitchi ndi m'magulu a WhatsApp kugulitsa madzi obiriwira a m'botolo ati liquid chlorophyll, akumanena kuti poti chlorophyll amafanana ndi magazi ndiye ukamwa amasanduka magazi. Si zoona. Kufanana kwa mkombero kulipo inde koma thupi silichotsa magnesium nkuikapo ayironi, limapanga heme wake kuyambira pa glycine monga mwamva, ndipo zambiri za m'mabotolozo ndi chlorophyllin, pakati pake anaikapo kopa. Mayi woyembekezera kapena aliyense amene wauzidwa kuti magazi ndi ochepa amwe mapilitsi a ayironi ndi folic acid omwe amapereka ku kiliniki, adye bonongwe, chisoso, nkhwani, nyemba, usipa, chiwindi. Zimandiwawa kuona munthu wolandira ndalama yochepa akuitaya pa botolo pomwe mankhwala enieni wawasiya mu kabati.

Che_Jafali, Honeydew

Asisi mwatchula protoporphyrinogen oxidase ndadzidzimuka chifukwa dzina limeneli ndimaliona pa ntchito. Ndimagwira ku kampani ya landscaping ndipo ndine amene ndimapopera mankhwala a udzu, pa malebulo a ena monga oxyfluorfen ndi flumioxazin amalemba kuti PPO inhibitor. Ndimaona kuti ukapopera kunja kuli dzuwa tchire limayamba kuoneka lonyowa ngati lathiridwa madzi otentha kenako lauma, koma kukakhala mitambo kapena pa mthunzi zimachedwa. Ndiye kuti mankhwalawo amatseka enzyme ija, zapakatikati zija nkuunjikana, dzuwa nkumalizitsa lokha eti? Ngati ndi choncho ndamvetsa chifukwa chake amagwira msanga pomwe pagwera dontho pokha. Anzanga opopera valani magolovesi ndi zophimba kumaso chonde, ambiri timangopopera manja ali pamtunda.

Mayi_Nachisale, Rosettenville

Ine ndamva ndithu ngakhale mainawo andipitirira. Koma mwana wanga wa ku Labu ndithandize apa, zanga sizili mu mdima zili pa dzuwa tsiku lonse, repu wa m'matayala akathira LAN amabwerera koma tomato ndi tsabola wa m'mabigiri masamba apansi achita chikasu pakatipakati misempha yokha ndi yomwe yatsala yobiriwira, ndathira LAN sizikusintha. Chikusowa ndi chani pa zonse mwatchulazi?

Mphwanu_wa_Labu, Braamfontein

A Jafali ndi momwemo, protoporphyrinogen amatayikira kunja kwa chloroplast nkusanduka protoporphyrin IX komwe kulibe enzyme yomuika magnesium kapena ayironi, kuwala kukamupeza ndi singlet oxygen uja.

Amayi, poyang'ana chikasu choyamba muziona kuti chayambira masamba ati, akale apansi kapena ang'ono a kunsonga. Nayitrojeni ikachepa mbewu imaphwasula masamba akale nkutumiza kwa ang'ono, ndiye apansi amachita chikasu tsamba lonse ndi misempha yomwe, pa chimanga chimayambira kunsonga kwa tsamba nkumatsika motsata msempha wapakati. Apo glutamate ndi amene wachepa komanso mapuloteni ogwirizira chlorophyll, ndipo LAN, urea kapena manyowa zimathandiza, ndi za repu wanu zija. Zomwe mukunena za tomato, masamba apansi, chikasu pakati misempha yobiriwira, zimenezo kawirikawiri ndi magnesium, atomu ya pakati ija, nayonso mbewu imatha kuisamutsa kuchoka ku masamba akale makamaka zipatso zikayamba kukula. M'mabigiri zimachitika kwambiri chifukwa dothi ndi lochepa, kuthirira kumaikokolola, ndipo feteleza wa potaziyamu kapena wa ammonium akachuluka mizu imavutika kuyamwa magnesium, ndiye kuonjezera LAN kutha kungokulitsa vuto. Gulani Epsom salt ku famase kapena ku sitolo, ndi magnesium sulphate, sipuni imodzi yaikulu mu malita 5 a madzi, thirirani kapena poperani madzulo dzuwa litapepa. Masamba omwe afika kale poipa sabwerera, muziyang'ana omwe ali pamwamba pake ngati chikasu chasiya kukwera. Mukamadzasintha dothi musakanizemo laimu wa dolomite pang'ono, ali ndi magnesium.

Chikasu chomwecho cha pakati pa misempha chikakhala pa timasamba tatsopano ta kunsonga apansi ali bwino, ndiye ndi ayironi, chifukwa enzyme imodzi ya pakati pa magnesium chelatase ndi protochlorophyllide imafuna ayironi ndipo ayironi sasamuka kuchoka ku masamba akale. Pamenepo laimu musathire nkomwe, ndi amene amamanga ayironi m'dothi, phulusanso chimodzimodzi. Ndipo muone ngati mabigiriwo ali ndi mabowo okwanira pansi chifukwa mizu ikakhala m'madzi siyamwa bwino chilichonse. Mukatha jambulani tsamba limodzi lapansi ndi limodzi la kunsonga muike pano tione.